Nsalu ya microfibre ndi madzi okha: kodi mungasiye mankhwala oyeretsera m'nyumba?

Funso, lochokera kwa mayi wa ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu: "Tsiku lililonse ndimakolopa ndi kupukuta m'nyumba ndi klorini, mankhwala onunkhira aja okolopera, komanso a m'chimbudzi. Tsopano manja anga akusupuka, ndipo mwana wanga wa zaka 6, amene ali ndi mphumu, amatsokomola ndikangomaliza ntchito. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule tinsalu ta microfibre chifukwa timayeretsa ndi madzi okha ndipo timapha majeremusi. Kodi n'zoona? Ndingasiyiretu mankhwala?"

Mayi, mnzanuyo wanena zoona pa mfundo yoyamba, koma pa yachiwiri waphonya. Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, monga kupukuta tebulo, magalasi, makabati, firiji ndi matailosi, nsalu ya microfibre yonyowa pang'ono imazigwira bwino popanda ngakhale dontho la mankhwala. Koma nsaluyi siipha majeremusi. Imawatola pamodzi ndi litsiro n'kuwasunga m'kati mwa ulusi wake, ali amoyo, mpaka mutaichapa. Choncho ukhondo wa nyumba yanu udzadalira kwambiri mmene mukusamalira nsaluyo, ndipo kuno ku Mzuzu, kumene chovala chimatha masiku awiri pachingwe osauma, imeneyi si nkhani yaing'ono. Botolo la klorini musalitaye. Lichotseni pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, likhale la masiku ochepa amene likufunikadi.

Mphamvu ya nsaluyi ili mu ulusi wake, umene supitirira ma micron 10 kunenepa (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Kuti muone kuchepa kwake, kumbukirani kuti mapepala apulasitiki opyapyala amene boma linaletsa mu 2015 ndi aja ochepera ma micron 60, ndipo tsitsi la munthu nalo limanenepa chapomwepo. Nsalu yabwino yopukutira imakhala ndi mitundu iwiri ya ulusi, polyester ndi polyamide, amene ambiri timamudziwa kuti nayiloni. N'chifukwa chake pa kapepala kosokedwa m'mbali mumawerenga 80/20 kapena 70/30. Ku fakitale mitundu iwiriyi imatuluka yomatana mu ulusi umodzi, kenaka amaung'amba m'litali. Mutaudula n'kuuyang'ana pa makina okuza zinthu, umaoneka ngati lalanje lodulidwa pakati: tizigawo tambiri takuthwa m'mbali, tokhala ndi timipata pakati pake. M'mbali mwakuthwamo ndi mmene mumapala litsiro lomatirira, ndipo timipatato timakokera madzi ndi litsirolo m'kati, monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Polyester amagwira mafuta, polyamide amamwa madzi. Nsaluyi ikakhala youma, imakoka fumbi ndi mphamvu ija imene imachititsa chipeso chapulasitiki kutola tizidutswa ta pepala mukachikwecha pa tsitsi.

Chisanza cha malaya akale a thonje sichingachite zimenezi. Ulusi wake ndi wopotedwa monenepa, umadumpha timing'alu tosaoneka ndi maso ta pa tebulo, ndipo chikakhuta chimangokankha litsiro kuchoka uku kupita uko. Ndiye mumafuna mankhwala amphamvu kuti asungunule zimene chisanza chalephera kunyamula. Luso lopanga ulusi wochepa chonchi linayambira ku Japan, ku kampani ya Toray, cha m'ma 1970, ndipo linafala pa ntchito yoyeretsa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990. Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ya North Carolina ku America anayerekeza zikolopa ziwiri m'zipinda za odwala, zonse zonyowetsedwa ndi sopo wokolopera. Cha microfibre chinachotsa majeremusi 95 pa 100 alionse, cha zingwe za thonje chinachotsa 68. Kusiyanako n'kwakukulu. Komabe onani kuti 5 aja anatsala pansi, ndipo 95 aja anangosamukira m'chikolopa.

Pogula musamale, chifukwa si nsalu iliyonse yofewa ya mtundu wowala imene ili yoyeretsera. Yang'anani m'masitolo akuluakulu a m'tauni, m'mashopu a zipangizo za galimoto, ku msika wa Taifa, ngakhalenso pa kaunjika wa matawulo. Kapepala kakanena kuti 100 peresenti polyester, kawirikawiri ulusi wake sunang'ambidwe. Ndi mtundu wa timabulangete ta ana tija, tofewa koma tosamwa madzi. Iyendetseni pa chikhato: yeniyeni imakodwakodwa pa khungu louma ngati ili ndi timinga tosaoneka. Mukafika kunyumba thirani supuni imodzi ya madzi pa tebulo n'kupukuta kamodzi. Yabwino imawamwa n'kusiya tebulo louma, yabodza imawakankhira kutsogolo. Mungapakenso kachala ka Vaseline pa galasi loonera nkhope n'kupukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono. Ikachotsa pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, mwagula yeniyeni. Ikangofalitsa mafutawo, mtundu umenewo musaugulenso.

Mufunika mitundu iwiri: yaubweya ngati tawulo, ya ntchito zonse, ndi yosalala yopyapyala, ya magalasi. Yokwana bwino m'dzanja ndi ya masentimita 40 mbali zonse, ndipo ngati palembedwa kulemera kwake, sankhani ya magalamu 250 mpaka 350 pa sikweya mita, imene pa paketi amalemba kuti GSM. Ichapeni payokha musanaigwiritse ntchito, chifukwa zotsika mtengo zimasuluka, makamaka zofiira. Kapepala ka m'mbali kaja kaduleni mukawerenga, kamakanda galasi la TV.

Musagule imodzi kapena ziwiri. Nyumba ya zipinda zogona zitatu muno mu Mzuzu imafuna nsalu 10 kapena 12, kuti zina zikamauma zina zikhale pa ntchito. Zipatala za ku Britain zimasiyanitsa nsalu ndi mitundu inayi: yofiira ya kuchimbudzi ndi kubafa, yobiriwira ya kukhitchini, ya buluu ya malo wamba, yachikasu ya chipinda cha wodwala matenda opatsirana. Tengerani dongosolo lomweli. Mukapeza za mtundu umodzi zokhazokha, sokererani ulusi wamtundu pa ngodya. Ndipo uzani aliyense m'nyumbamo, ana ndi wantchito omwe, kuti yofiira siilowa m'khitchini ngakhale itachapidwa bwanji.

Kapukutidwe kake

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa n'kuyamba kunena kuti anawanamiza. Nsalu ya microfibre siikwinyidwa ngati mpira m'dzanja. Ipindeni pakati, muipindenso pakati, ikhale yofanana ndi chikhato chanu. Mukatero muli ndi mbali 8 zoyera. Mbali imodzi ipukute tebulo limodzi kapena malo okwana ngati sikweya mita imodzi, kenaka tembenuzani. Zonse 8 zikada, nsaluyo ipite mu beseni la zochapa, mutenge ina. Kuiviika mu ndowa ya madzi oyera, kufinya n'kupitiriza, ndi kusandutsa ndowa yonse kukhala litsiro, ndipo kuyambira pamenepo mukungopaka litsirolo m'nyumba monse.

Kanyowedwe nakonso n'kofunika. Inyowetseni, kenaka ifinyeni mpaka isadonthe ngakhale mutaifinyanso mwamphamvu. Nsalu yothonya madzi timipata take tadzaza kale, ndiye litsiro lilowa pati? Komanso ulusi wake umangotsetsereka pamwamba pa madzi osakhudza tebulo. Yesani pa galasi: chinyezi chimene nsalu yasiya chizimirire musanawerenge kufika 20. Chikachedwa, kapena mukaona timadontho, finyaninso. M'mawa wozizira wa Juni chimachedwerapo pang'ono, ndiye tsatizani ndi nsalu youma.

Yambani kumwamba kutsika pansi, kuchoka poyera kupita pakuda. Dzanja liyende uku ndi uku ngati mizere ya m'munda, mzere uliwonse ukhudze pang'ono unzake, osabwerera pamene mwadutsa kale. Kupukuta mozungulira kumabwezera litsiro pamene munalichotsa.

Mdani wamkulu ndi mchenga. Fumbi lofiira la mu Okutobala ndi Novembala, ndi matope ouma amene nsapato zimabweretsa nthawi ya dzinja, zimakhala ndi timiyala. Nsaluyi imagwira timiyalato osatitaya, ndipo mukapitiriza kukwecha imasanduka sandipepa. Pa galasi, pa solar, pa galimoto ndi pa magalasi a maso, yambani mwatsukuluza ndi madzi kuti mchenga utsike, ndipo nsalu ibwere pambuyo. Nsalu ikagwa pansi pabwalo, yatha ntchito tsiku limenelo.

Magalasi a mawindo amafuna nsalu ziwiri, yonyowa kutsogolo ndi yosalala youma pambuyo. Pa ma louvre, panani galasi limodzi ndi nsalu yopinda, pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, n'kukoka kuchokera ku chitsulo cha mbali imodzi kufika ku chinzake. Samalani ndi magalasi obenthuka m'mphepete, amacheka nsalu ndi zala zomwe. Musapukute dzuwa likuwomba pa galasi, chifukwa madzi amauma musanawanyamule n'kusiya mizere. Pali chinthu chimodzi chimene chidzakukhumudwitsani masiku oyamba: magalasi ndi matailosi adzaoneka amizeremizere kuposa kale. Mizereyo ndi zotsalira za mankhwala ndi polishi amene munkapaka, amene tsopano akumatuka. Mukapukuta kawiri kapena katatu masiku otsatizana, imatha.

TV, laputopu ndi foni zikhale ndi kansalu kakekake kosalala, kosungidwa m'kathumba kuti kasatole fumbi. Zimitsani, dikirani zizizire, pukutani kouma mosatsindika. Pakakhala zidindo za zala, nyowetsani ngodya imodzi yokha. Madzi asathiridwe pa galasi penipeni, amatsikira m'mphepete n'kuwononga zam'kati. Maswitchi ndi masoketi apukutidwe ndi youma.

Mipando ndi matebulo a paini wa ku Chikangawa opakidwa vanishi apukuteni motsata mizere ya thabwa, kenaka umitsani. Makabati a matabwa opanikizidwa a utuchi, amene adzaza m'nyumba zambiri masiku ano, amafufuma m'mphepete madzi akalowa ndipo sabwereranso, choncho pamenepo nsalu ikhale pafupifupi youma. Thabwa losapala, njerwa, pulasitala ndi simenti yokhakhala ya pakhonde zimazula ulusi. Kumeneko tsache ndi burashi ndiye eni ntchito.

Za pansi. Ngati muli ndi matailosi, chikolopa chathyathyathya chokhala ndi nsalu yochotseka chidzakuthandizani kwambiri. Nyowetsani nsalu zitatu kapena zinayi musanayambe, chipinda chilichonse yake, ndipo ndowa simuisowanso. Kwa mwana wa mphumu ichi ndi chinthu chachikulu, chifukwa tsache louma limadzutsa fumbi losalala limene limakhala m'mwamba kwa nthawi yaitali, pamene nsalu yonyowa imalinyamula. Ngati pansi panu ndi pa simenti yofiira yopakidwa Cobra, polishiyo pakani ndi chisanza n'kuwalitsa ndi burashi monga kale. Phula la polishi likalowa mu microfibre limatseka timipata ndipo silituluka mosavuta. Patulani nsalu imodzi yotolera fumbi pa simentiyo, isakakhudzenso galasi.

M'khitchini ndi mmene madzi okha amafika pothera. Mafuta ochepa a lero amachoka ndi nsalu ya madzi ofunda. Koma utoto womata uja wa pakhoma ndi pa kabati pafupi ndi pophikira, mafuta akale osakanikirana ndi mwaye wa mbaula, umafuna sopo. Ikani madontho 4 a sopo wamadzimadzi wotsukira mbale mu theka la lita ya madzi ofunda, nyowetsani nsalu, igonekeni pamalopo mphindi 3 kuti mafuta afewe, pukutani, kenaka dutsanipo ndi mbali ina ya madzi okha. Mwaye ukakhala wochuluka, yambani mwauchotsa ndi nyuzipepala kapena chisanza chotayika, apo ayi nsalu yanu ida mpaka kalekale. Zopserera pa chitofu zimafewa ndi soda wophikira therere: masupuni 3 a soda, supuni 1 ya madzi, pakani, dikirani mphindi 15. Chitofucho chikhale chozizira ndithu. Ulusi wa microfibre ndi pulasitiki, ukakhudza hot plate yotentha kapena mphika wongochoka pamoto umasungunuka n'kumatirira. Kunja kwa miphika yakuda ndi makala kusiyireni phulusa ndi steel wool.

Zoyera zolimba zimene zimamera pa mpopi ndi pa sinki, makamaka kwa amene amagwiritsa ntchito madzi a pa mjigo, sizimva nsalu yokha. Sakanizani viniga woyera ndi madzi theka ndi theka, nyowetsani nsalu, kulungani mpopiwo kwa mphindi 20, kenaka tsukuluzani. Viniga asakhudze mwala wa marble kapena simenti, amazidya pang'onopang'ono.

Nguwi iyenera kukambidwa payokha, chifukwa m'nyumba zambiri za ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa, makamaka zoyandikana ndi madambo, imamera kuseri kwa makabati, m'ngodya ndi pa siling'i chaka ndi chaka. Musaipukute youma kapena kuisesa, mudzangouluzira fumbi lake m'chifuwa cha mwana. Mwanayo atuluke, mawindo atsekulidwe, ndipo pukutani ndi nsalu yonyowa ya sopo. Pa khoma la penti yamafuta imachoka bwino, pa laimu ndi penti yamadzi yotsika mtengo penti nayo imatsagana ndi nsalu. Idzabwereranso ngati chinyontho chidakalipo, ndiye kokani kabati atalikirane ndi khoma masentimita 10, konzani pamene denga likudontha, ndipo tsekulani mawindo dzuwa likangotuluka.

Pamene klorini akufunikabe

Tisaiwale msanga. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay ndi Rumphi, maboma oyandikana nafe, anakhudzidwa kwambiri. Pakakhala masanzi, chimbudzi cha wotsekula m'mimba kapena magazi, kunyamula majeremusi 95 pa 100 sikukwanira. Otsalawo ayenera kufa. Chimodzimodzi kolera akamveka m'dera lanu: zogwirira zitseko, mipopi, mpando wa chimbudzi ndi pansi pa bafa zimafuna klorini.

Chofunika ndi muyezo, osati kuthira mongoyerekeza. Botolo la JIK wamba limalembedwa 3.5 peresenti. Pa zogwirira zitseko, mipopi ndi matebulo mukufuna 0.1 peresenti, amene ndi masupuni aakulu 2, mamililita 30, mu lita imodzi ya madzi. Pokolopa pansi ndi kupukuta bedi m'nyumba ya wodwala kolera, 0.2 peresenti, masupuni 4 pa lita. Pa magazi, 0.5 peresenti, kapu 1 ya klorini m'makapu 6 a madzi. Masanzi ndi chimbudzi cha wodwala kolera amazithira wa 2 peresenti, amene ndi magawo 4 a klorini m'magawo 3 a madzi, ndipo wodwalayo azikhala ali kale pa ulendo wa kuchipatala. Ngati botolo lanu lalembedwa mphamvu ina, miyezoyi imasintha, choncho werengani kaye. Gwiritsani madzi ozizira, sakanizani wokwanira tsiku limodzi chifukwa wosungunula amatha mphamvu, ndipo musamusiye padzuwa. Yambani mwachotsa litsiro ndi sopo, popeza litsiro limadya mphamvu ya klorini asanafike pa majeremusi. Pakani, siyani pakhale ponyowa mphindi 10, kenaka tsukuluzani ngati pamakhudza chakudya kapena manja a ana. Kupaka n'kupukuta nthawi yomweyo kumasiya fungo lokha.

Ntchito ya klorini ichitidwe ndi chisanza chakale, osati microfibre, chifukwa klorini amadya polyamide ndipo nsalu imauma gwa n'kuyamba kuthothoka. Valani magolovesi, tsekulani mawindo, mwana akhale panja, ndipo musamuike mu botolo lopopera, chifukwa timadontho ta m'mwamba ndi timene timalowa m'mapapo.

Chenjezo ili ndi la moyo ndi imfa. Klorini asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi. Mankhwala ambiri otsukira m'mbale ya chimbudzi ali ndi asidi, viniga nayenso ndi asidi, ndipo zikakumana ndi klorini zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Mankhwala okhala ndi amoniya nawonso amatulutsa mpweya woipa, ngakhalenso mkodzo wokhalitsa mu chitini cha usiku. Mwanena kuti mumagwiritsa ntchito mitundu itatu tsiku lililonse, Mayi. Ngati inayamba yakumanapo mu ndowa imodzi kapena m'chimbudzi, mwina pamenepo ndi pamene pakuchokera chifuwa cha mwana. Zikachitika mwangozi, tulukani nonse, siyani zitseko zotsekula, ndipo amene akubanika apite kuchipatala msanga.

Pa thabwa lodulirapo nkhuku, nyama kapena nsomba ya batala ya ku Nkhata Bay, tsukani ndi madzi otentha, sopo ndi burashi pa sinki. Madzi a nyama akadonthera pa tebulo, nsalu imene yapukuta ipite yokha kochapa nthawi yomweyo, isapindidwe kuti mbali ina ipukute mbale.

Kuchapa ndi kuyanika

Nsalu yonyowa yokwinyidwa pa sinki usiku wonse ndi munda wa majeremusi. Ali ndi madzi, ali ndi chakudya, ndipo pofika m'mawa achuluka. Fungo lowawasa lija ndi umboni wake. Mukapukuta nayo tebulo, mwalidetsa kuposa mmene linalili. Lamulo lake ndi lakuti ya kukhitchini ndi ya kuchimbudzi zichapidwe tsiku lomwelo, ya fumbi ikutumulidwe panja ndipo ichapidwe ikagwira ntchito kawiri kapena katatu.

Chapani motere. Tsukuluzani pa mpopi kuti mchenga ndi nyenyeswa zichoke. Mu beseni sakanizani madzi owira ndi a pa mpopi mofanana. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, choncho kusakaniza kotere kumapereka madigiri 55 mpaka 60, amene nsalu zambiri zimapirira. Ikani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzimadzi pa malita 5 alionse. Ngati muli ndi waufa yekha, musungunuleni kaye mu kapu mpaka timibulu tithe, chifukwa totsalira timakakamira mu ulusi n'kukakanda galasi. Viikani mphindi 15, fikisani nsalu yokhayokha ndi manja madzi akazizirako, tsukuluzani katatu mpaka thovu litheretu. Pamwala musakwechepo, burashi musagwiritse.

Zofiira za kuchimbudzi ndi zimene zakhudza nyama yaiwisi zichapidwe pazokha, ndi madzi otentha kuposa apa. Zipatala za ku Britain zimapha majeremusi m'zochapa pa madigiri 65 kwa mphindi 10 kapena 71 kwa mphindi 3. Kunyumba mungayandikire pamenepo ndi magawo awiri a madzi owira ndi gawo limodzi la ozizira, mu ndowa yovundikira kuti asazizire msanga, kwa mphindi 10. Kutentha kumeneku kumafupikitsa pang'ono moyo wa nsalu yotsika mtengo, koma kuli bwino nsalu ithe msanga kusiyana n'kuti idwalitse anthu. Kuiwiritsa mu mphika pamoto ayi, ikakhudza pansi pa mphika imapserera.

Zinthu zinayi zimapha nsaluyi. Choyamba ndi mankhwala ofewetsa zovala monga Sta-soft, amene ntchito yake ndi kukuta ulusi ndi mafuta osalala. Pa malaya ndi zabwino, pa microfibre amatseka timipata tonse. Chachiwiri ndi sopo wa tabuleti wopaka mwachindunji, amene amasiya zotsalira zomata, makamaka ndi madzi a pa mjigo. Chachitatu ndi kuichapa limodzi ndi matawulo a thonje kapena zitenje: imatola ubweya wawo wonse n'kukausiya pa galasi lanu. Chachinayi ndi simbi. Nsalu ikasiya kumwa madzi chifukwa cha sopo wotsalira, iviikeni mphindi 30 m'malita 5 a madzi ofunda okhala ndi theka la kapu ya viniga woyera, kenaka tsukuluzani. Nthawi zambiri imadzuka. Imene yasungunuka ndi moto siidzukanso.

Kuyanika ndi kumene kumavuta kuno. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mvula, Juni ndi Julaye chifunga ndi mvula yowaza. Ubwino wake microfibre imauma msanga kuposa thonje ngati mwaifinya bwino n'kuitambasula. Ikutumuleni, iyanikeni yosapinda ndi mapegi awiri pa chingwe cha pakhonde pamene mphepo imadutsa. Dzuwa likawala itulutseni, koma ikauma ichotseni, chifukwa kukhalitsa padzuwa masiku ambiri kumafooketsa nayiloni. Pamwamba pa mbaula musayanike. Pa udzu, pa mpanda wa maluwa kapena pansi musayanikenso: imatola chisoso ndi tizinyalala timene simudzatha kuzula, komanso zovala zoyanikidwa pansi ndi zimene ntchentche ya mphutsi imaikirapo mazira, ndipo nsaluyi simungaisite kuti muwaphe. Isungeni mu kabati itauma ndithu. Ikalowa ndi chinyontho, idzatuluka ndi nguwi.

Pali choipa chimodzi chimene ogulitsa satchula. Popeza ndi pulasitiki, nthawi iliyonse mukaichapa imataya tizidutswa tosaoneka timene timapita ndi madzi m'nthaka ndi m'mitsinje monga Lunyangwa. Yolimba yogulidwa kamodzi imataya zochepa kuposa zotsika mtengo zothothoka mwezi ndi mwezi. Ikakalamba, itsitseni udindo: ya magalasi ipite ku fumbi, ya fumbi ipite ku njinga ndi nsapato. Musaiwotche, utsi wa pulasitiki ndi woipa kwa aliyense, makamaka kwa mwana wanu.

Za manja anuwo, klorini ndi sopo wamphamvu zimachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu, ndipo kukhalitsa m'madzi kumawonjezera. Mukachepetsa mankhwala, valani magolovesi pochapa nsalu ndi potsuka chimbudzi, pakani Vaseline manja adakali ndi chinyezi, makamaka pogona. Masiku oyamba microfibre youma idzakodwa pa ming'alu ya khungu n'kukunyansani, ndiye igwireni yonyowa mpaka manja atapola. Akayamba kutupa, kutuluka madzi kapena mafinya, akaonedwe kuchipatala.

Kwa mwanayo, chotsani choyamba mankhwala onunkhira ndi onse opopera, kuphatikizapo onunkhiritsa m'nyumba, chifukwa fungo lokomalo nalonso limatsekereza chifuwa cha wa mphumu. Kolopani iye ali kusukulu, mawindo ali otsekula. Kwa milungu itatu lembani masiku amene watsokomola, nthawi yake, ndi zimene zinkachitika m'nyumba, kaya kukolopa, kuyatsa mbaula m'kati chifukwa cha kuzizira, kapena kugona m'chipinda cha nguwi. Mankhwala ake a mphumu apitirize monga anauzira adokotala. Kapepalako mupite nako ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital pa ulendo wake wotsatira. Akayamba kubanika, kulephera kumaliza chiganizo polankhula, kapena milomo kusintha mtundu, musadikire milungu itatuyo, thamangani naye tsiku lomwelo.